Usiku wa ku hositelo ulibe mphunzitsi

Mphwanga anatulukira pakhomo panga pakati pa teremu, madzulo ndithu, atabereka kachikwama kumsana, m'manja muli kalata yopindapinda. Ndi mwana wa achemwali anga, ndipo nthawi imeneyo anali Fomu 1 pasukulu ina yaboma yogonera konko m'chigawo chapakati. Bambo ake ali ku Joni, mayi ake ali kumudzi, ndiye nkhani za sukulu zimafikira kwa ine malume wake. Kalatayo sinachulutse mawu: wamenya mnzake ndi ndowa yachitsulo mpaka kumung'amba pachipumi, waimitsidwa sukulu kwa masabata awiri, ndipo pobwerera adzabwere ndi kholo.

Zinandivuta kumvetsa, chifukwa uyu ndi mwana woti nkhuku ikamaphedwa amazemba n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, chachitika n'chiyani?" Anangoti, "Ndalakwitsa, amalume," maso ali pansi. Mayi a kunyumba kwanga anamuikira madzi osamba, ndipo ndi iwo amene anadzandinong'oneza usiku kuti, "Mwanayu mawa mumuone maondo." Kutacha ndinamuuza kuti apinde buluku. Maondo onse awiri anali akuda bii, okakala, ndipo munali timabala tozungulira, tina topola, tina tikadali tatiwisi.

## Magetsi akazima

Sanafotokoze zonse tsiku limodzi. Zinkatuluka pang'onopang'ono, tikupita kuchigayo, tikuthirira mpiru kuseri kwa nyumba, nthawi zambiri iye akuyang'ana kumbali.

Zinayamba sabata yoyamba yomwe. Anyamata a Fomu 3 ndi Fomu 4 anabwera kudzatsekulitsa masutikesi a atsopano, ati akutolera msonkho. Shuga, chiponde, botolo la Sobo, sopo wochapira, zonse zimene mayi ake anagula atagulitsa mtedza, zinatha usiku umodzi. Kenako aliyense wa Fomu 1 anapatsidwa bwana wake. Ntchito inali kumutungira madzi osamba kumjigo kusanache, kumuimira pamzere wa phala, kumuchapira Loweruka, ndipo tsiku la nyama kumupatsa nthuli yako, iwe n'kudyera nsima msuzi. Izi mphwanga anazipirira. Akuti aliyense ankachita, ndiye sankaona ngati akumusankha.

Njala nayo ilimo m'nkhaniyi, tisaibise. Mnyamata wamkulu amene wadya nsima ndi nyemba dzuwa lisanalowe, pofika pakati pa usiku m'mimba muli kulira, ndipo akudziwa kuti chiponde chili m'sutikesi ya kamwana kosatha kudziteteza.

Koma zimene zinamuthyola mphwanga ndi zausiku. Prep, nthawi yowerenga ya madzulo, ikatha, ana akalowa, magetsi akazima, a Fomu 1 ankadzutsidwa. Wina ankauzidwa kuti ayeze kutalika kwa hositelo ndi kamtengo ka machesi, akasokoneza chiwerengero ayambirenso. Wina aimbe nyimbo ya kwawo, anthu akuseka kalankhulidwe kake. Mphwanga ndi wamfupi, ndiponso amachita chibwibwi akachita mantha. Iyeyo ankamugwaditsa pa zitsekerero za mabotolo zoyang'ana m'mwamba, ndowa yamadzi ili pamutu, mpaka atatchula dzina la bwana wake mosadodoma. Timabala tozungulira tija tinachokera pamenepo.

Amene tinaphunzira kogonera timazidziwa za teasing, kuzunza ana atsopano kotereku, ndipo tikakumana ku ukwati timazikamba tikuseka mpaka misozi. Timakumbukira zoseketsa zokhazokha. Amene zinawapweteka kwambiri sakhala nawo pagulupo. Ena anasiyira sukulu panjira, ena alipo koma amangokhala chete ife tikamaseka.

Masabata awiri aja anakhala kwathu akutsegula makope m'mawa uliwonse popanda womuphunzitsa, anzake akupita patsogolo ndi masamu. Kuimitsa mwana kumapumitsa sukulu, koma wolipira ndi kholo: thiransipoti yobwerera kunyumba, yopitanso, ndi ya kholo lomuperekeza. Ndipo kwa mwana amene sukulu ikumuwawa kale, masabata awiri kunyumba ndi okwanira kuti aganize zosabwereranso. Mphwanga anandifunsa usiku wina ngati kuli malo ku sukulu yoyendera ya pafupi ndi kwathu.

## Mu ofesi ya a hedi

Tsiku litakwana tinanyamuka, minibasi kenako kabaza. Mu ofesi tinapezamo a hedi, achiwiri awo, a boarding master, mphunzitsi wina wamayi wa mu komiti yosungitsa mwambo, ndi bambo mmodzi woimira makolo. Mnyamata womenyedwa uja analipo, wa Fomu 3, wamtali, chipsera chikadali chofiira pachipumi. Anabwera ndi agogo ake aakazi, amene anakana mpando n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko, atatambasula miyendo. Ndinamva pambuyo pake kuti anagulitsa chimanga cha m'nyumba kuti apeze thiransipoti, ndipo mnyamatayo amulera okha chimwalirireni mayi ake.

Achiwiri kwa a hedi anawerenga malamulo a sukulu. Kumenyana ndi mlandu. Teasing ndi mlandu waukulu koposa, woti munthu akhoza kuchotsedwa nawo sukulu. Anawerenga bwino, mosakondera. Kenako anatembenukira kwa mphwanga.

"Nanga iwe, bwanji sunabwere kudzanena? Tinakuuzani tsiku loyamba lomwe kuti wina akamakuvutitsani muzibwera. Iwe watola ndowa."

"Ndinanena, sala."

"Unauza ndani?"

Mphwanga anayang'ana a boarding master. Iwo sanakane. Anati, "Zoonadi, mwanayu anabwera kunyumba kwanga, ndipo ndinachitapo kanthu mawa lake lomwe." Ndipo anachitadi. Pa asembule anaitana mnyamata wa Fomu 3 uja kutsogolo, anafotokozera sukulu yonse zimene wakhala akuchita kwa mwana wakutiwakuti wa Fomu 1, n'kumupatsa dzenje la zinyalala loti akumbe, lakuya kufika m'khosi mwake. Analikumba masana dzuwa likuswa mtengo, anzake akudutsa n'kumamuseka. A boarding master ankafotokoza izi ndi mtima wa munthu amene anagwira ntchito yake, ndipo malinga ndi buku la malamulo, anaigwiradi.

Mphunzitsi wamayi uja ndi amene anafunsa funso limene linatsala. "Ndiye dzenje litatha, usiku wake kunachitika chiyani?"

Mphwanga anayamba chibwibwi chake. Tinamudikira. "Anabwera anayi, madamu. Anandifunditsa bulangete kumutu kuti ndisawaone. Amati ndine kazitape." Anamumenya ndi malamba ndi nsapato, kenako anamutulutsa panja kukagwada mpaka tambala woyamba. Prefect wa hositeloyo anali pabedi pake, atatembenukira kukhoma. Kuyambira usiku umenewo zogwada zinali za tsiku ndi tsiku, ndipo anzake a Fomu 1 anasiya kuyenda naye poopa kuti nawonso atchedwa akazitape. Tsiku la ndowa lija, mnyamata uja anamutayira madzi amene anatunga, n'kumuuza kuti apite akanenenso. Mphwanga akuti anangozindikira ndowa ili m'mwamba.

Mu ofesi munangoti zii. Ndinapempha kulankhula. "Pepani a hedi, ine ndingofunsa nawo. Kuchokera pamene prep yatha mpaka belu la m'mawa, ndi munthu wamkulu uti amene amakhala pafupi ndi anawa?"

A hedi ndimawalemekeza mpaka lero chifukwa sanazungulire. "Bambo, amakhala ndi ma prefect." Nyumba ya a boarding master ili kutsidya kwa bwalo la mpira. Iwowo masana amaphunzitsa makalasi awo monga mphunzitsi wina aliyense, ali ndi banja lawo, ndipo ndi munthu mmodzi pa anyamata mazanamazana. Mlonda alipo, koma amakhala ku ofesi, kulondera makompyuta ndi chimanga cha m'sitolo.

Apa ndi pamene maganizo anga anasinthira. Ndinapita kumeneko ndikuona ngati nkhani ndi yakuti alangidwe ndani, ndipo alangidwe motani. Koma chilango chinali chitaperekedwa kale, mwachangu, pamaso pa sukulu yonse, ndipo ndi chilangocho chimene chinakolezera moto. Sukulu inalanga masana n'kupita kukagona. Wolangidwa ndi womuneneza inawabweza m'chipinda chimodzi, magetsi n'kuzima.

Prefect amene anatembenukira kukhoma uja sindimuda. Timatenga mwana wa zaka 17, amene nayenso MSCE ili pamutu pake, n'kumupatsa makiyi, belu ndi mphamvu yolemba mayina a olakwa, popanda womuphunzitsa chochita mnzake wa m'kalasi akamazunza mwana. Kawirikawiri amasankhidwa wathupi, woopedwa. Akaneneza anzake a Fomu 4, kazitape akhala iyeyo, ndipo nayenso amagona momwemo. Tinamusenzetsa katundu wa munthu wamkulu.

## "Mkwapuleni pompano"

Agogo aja anamva zonsezi ali chete. Kenako anaomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwanayu wandichititsa manyazi. Mkwapuleni pompano ine ndikuona, ndakulolani ndine mwini wake. Kuwongola mtengo mpoyamba."

A hedi anati, "Agogo, malamulo satilola." Anatembenukira kwa mnyamata uja n'kumufunsa chimene ankachitira zimenezi. Iye sanayankhe mwamwano ayi. "Nafenso anatichita zomwezo, sala. Ine Fomu 1 ndinagona pasimenti teremu yonse, matiresi anga atatenga a Fomu 4. Palibe amene anaitanidwa." Agogo ake anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Matiresiwo anagula ndi iwo, ndipo aka kanali koyamba kumva.

Mawu a agogowa ndimawamva paliponse, m'minibasi, pamaliro, potuluka kutchalitchi: ufulu wawononga ana, aphunzitsi anawamanga manja, bwezerani chikoti muone. Anthu olankhula choncho sindiwanyoza. Ambiri ndi makolo otopa amene akungofuna kuti ana awo alongosoke. Koma sindigwirizana nawo. Ine ndinaphunzira nthawi ya Kamuzu, chikoti chili pa tebulo la mphunzitsi aliyense. Tinkakwapulidwa chifukwa chochedwa, chifukwa cholephera masamu, chifukwa cha zikhadabo zazitali. Ndipo teasing inalipo, yosachepera ya leroyi. Pasukulu pathu, amene ankakwapulidwa kwambiri masana ndi omwe ankatidzutsa usiku.

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, mu gawo 19, amaletsa kukwapula munthu ngati chilango pamaso pa nthambi iliyonse ya boma. Chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mphunzitsi amene ankadziwa mwana aliyense ndi mudzi wa kwawo anapezeka ali pansi pa mtengo ndi ana oposa 100. Maphunziro aulere anali chinthu chabwino, ndipo ana ambiri a kumudzi kwathu analowa m'kalasi chifukwa cha iwo. Koma zambiri zimene timanamizira ufulu zinabwera ndi kuchulukana kumeneku. Mwana amatha kuyambira Sitandade 1 mpaka 8 popanda munthu wamkulu pasukulu amene anamuyang'anitsitsa n'kuona kuti chinachake chamuvuta.

Ndiponso si zoona kuti ana athu sakumenyedwa. Kafukufuku wa dziko lonse wokhudza nkhanza kwa ana amene anachitika mu 2013 anapeza kuti pafupifupi anyamata awiri mwa atatu alionse, ndi atsikana awiri mwa asanu alionse, anachitiridwapo nkhanza zomenyedwa asanafike zaka 18. Kumenya kukanakhala mankhwala, bwenzi titachira kalekale.

Aphunzitsi ndimawamvera chisoni pa chinthu chimodzi: anawalanda chikoti osawapatsa china chogwira, ndiye anatola khasu. Wolakwa akumbe dzenje, azule chitsa, atchetche bwalo, akolope makalasi, nthawi zambiri anzake akuphunzira. M'dziko la alimi ngati lathuli tikuphunzitsa mwana kuti kugwira khasu n'kochititsa manyazi. Enanso amagwaditsa ana pamiyala, manja ali m'mwamba. Anyamata a mu hositelo aja kugwaditsa sanakupeke okha. Anakuonera kwa akuluakulu masana, kuti wamphamvu akakwiya wamng'ono amagwada, ndipo usiku amphamvu ndi iwowo.

Titatuluka mu ofesi, agogo aja ananditsatira mpaka pansi pa mtengo wa mango. Anagwada, ine n'kuwadzutsa msanga. "Bambo, mundikhululukire. Ine ndimati ali kusukulu, ali m'manja mwabwino." Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa mtedza wokazinga, n'kuupereka kwa mphwanga, osati kwa mdzukulu wawo. Mphwanga anandiyang'ana kaye, kenako analandira ndi manja awiri.

## Mayankho a kwathu

Achemwali anga nditawaimbira analira, kenako anapempha kulankhula ndi mwana wawo. Ndinkamva mawu awo akutuluka pafoni: "Ukanapirira, mwana wanga. Ukudziwa mmene ndimaipezera fizi. Akakuchotsa upita kuti?" Alamu anga ku Joni anatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp: "Wachita bwino. Mwamuna sagonja. Akadzabweranso udzamuwonjezere."

Onse awiri amamukonda mwanayu, ndipo mantha a achemwali ndi enieni. Malo a kusekondale yaboma yogonera konko ndi ochepa, ana ambiri okhoza Sitandade 8 sawaona n'komwe, ndipo mwana akawataya n'kovuta kuwapezanso. Koma wina akuti pirira, wina akuti bwezera, ndipo onse awiri akumusiya mwanayo yekha kuti athane nazo ndi thupi lake. Ana amawadziwa mayankho amenewa asanafunse n'komwe, n'chifukwa chake sanena. Akudziwa kuti mayi anagulitsa mtedza, ndiye sangawawonjezere nkhawa ina. Akudziwa kuti bambo adzati ndi wamantha.

Zizindikiro zimakhalapo. Shuga wa teremu yonse amatha m'masabata awiri, kholo n'kukalipa kuti mwana ndi wosakaza. Mwana amene ankakonda sukulu amayamba kudwala mutu tsiku lotsegulira likayandikira. Tsiku lokaona ana makolo timapita ndi mpunga ndi nkhuku, timafunsa za mayeso, timafunsa ngati nyemba zikadali zofumbwa, n'kubwerera. Zoti umagona bwanji, bedi loyandikana nawe ndi la ndani, Loweruka umachapa zovala za anthu angati, sizifunsidwa.

Njira zothandizira ana zilipo ndithu. Pali nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, imene mwana angaimbe akamazunzidwa. Kupolisi kuli Victim Support Unit, ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Pali lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, kutanthauza kuti ambiri ogona m'mahositelo, ozunza ndi ozunzidwa omwe, ndi ana pamaso pa lamulo. Koma kusukulu zambiri zogonera foni n'zoletsedwa, ndipo akakupeza nayo ndi mlandu wina. Mwana wa zaka 14 amene wagwada panja pakati pa usiku aimba 116 ndi chiyani? Ngakhale kuti aimbe kunyumba ayenera kubwereka foni ya mphunzitsi, mphunzitsiyo ataima pomwepo.

## Ku msonkhano wa makolo

Tsiku la mlandu lija a hedi anandifunsa maganizo anga pa zoti mnyamata uja achotsedwe. Ndinati ayi. Chifundo pa agogo aja chinalipo, koma chachikulu n'chakuti usiku uja anabwera anayi, ndipo wodziwika anali mmodzi. Kumuchotsa kukanasiya atatu aja ali ndi chifukwa chatsopano, mphwanga n'kukhala mwana amene anachotsetsa mnzawo sukulu. Anagamula kuti onse awiri asayine chenjezo, wa Fomu 3 asamukire ku hositelo ina ndipo abweze pang'onopang'ono zimene analanda. Mphunzitsi wamayi uja anadzipereka kuti azikumana nawo, aliyense payekha, sabata iliyonse. Mwa zonse zimene zinagamulidwa, ichi n'chimene mphwanga amachitchula mpaka pano. Akuti madamu ankamuitana ngati akumutuma kukanyamula makope, kuti anzake asadziwe, ndipo ankayamba ndi kumufunsa ngati wagona bwino.

Teremu yotsatira kunali msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Monga mwa nthawi zonse, m'mawa wonse unathera pa ndalama: fizi yakwera, thumba la chimanga lakwera, chimbudzi cha anyamata chadzaza. Nthawi ya zina ndi zina itafika ndinaimirira n'kufunsa za usiku wa ku hositelo. Bambo wina wovala bwino anayankha ine ndisanakhale pansi. "Akulu, tonse tinadutsamo, ndipo tinakula. Ana a masiku ano mukuwasasatitsa." Anthu anaseka, ena anaomba m'manja.

Kenako kumbuyo kunaimirira mayi wina. Anati mwana wawo, amene anasiya kukodza pogona ali wamng'ono, wayambiranso chilowereni Fomu 1, ndipo patchuthi amagona atavala nsapato. Sanakweze mawu. Atakhala pansi, manja anakwera mbali zonse. Wina mwana wake anabwera kutchuthi wopanda bulangete. Wina mwana wake akupempha kuti amusamutse, osanena chifukwa. Kholo lililonse linkaganiza kuti ndi mwana wake yekha.

Tinagwirizana zinthu zosavuta. A Fomu 1 azigona paokha, mu hositelo yoyandikira nyumba za aphunzitsi. Mphunzitsi amene ali pa duty azidutsa usiku ndi tochi, pa nthawi yosadziwika. Mababu a pakhonde akonzedwe. Mwana akanena, dzina lake lisamveke pa asembule, ndipo wolakwayo asagonenso naye chipinda chimodzi. Makolo tizisonkha kangachepe kolipira mlonda wachiwiri, wa ku hositelo.

Si zonse zimene zinakhalitsa. Mlonda anagwira kanthawi, ndalama zitavuta anasiya. Kuyendera kwa usiku kumadalira mphunzitsi wake. Ena amapitadi, ena amangosayina m'buku m'mawa, ndipo sindingaweruze kwambiri anthu amene akupemphedwa kudzuka pakati pa usiku pamwamba pa makalasi odzaza. Chimene chinakhazikika ndi chogoneka a Fomu 1 paokha, ndipo malinga ndi mphwanga ndi chimene chinachepetsa kwambiri zogwaditsana. Sichinadye ndalama ngakhale tambala imodzi.

Ndikaganiza za atsikana a m'ma CDSS, masekondale oyendera a m'madera, amene amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha chifukwa kwawo n'kutali, mtima umandiwawa, chifukwa kumeneko kulibe a boarding master, kulibe matron, kulibe mlonda. Ku pulayimale kuli magulu a amayi aja, ma mother group, amene amayendera atsikana ndi kuwabweza kusukulu. Mwana akangolowa Fomu 1 timangoganiza kuti wakula.

## Tsopano wamkulu ndi iyeyo

Mphwanga chaka chino akulowa Fomu 3. Watalika, mawu asintha, chibwibwi chimangobwera mwa apo ndi apo. Patchuthi pano, tikukonza njinga pakhonde, ndinamufunsa za a Fomu 1 amene akubwera. Anaseka. "Musadandaule amalume, ife sitidzawamenya. Koma zochapa azichapa ndithu, ndi madzi azitunga. Nanga ife tinachapiranji?"

Sanaone cholakwika m'mawu akewo. Kwa iye imeneyo ndi ngongole, ndipo oyenera kubweza ndi ana amene panopa akadali kwawo akugula masutikesi. Ndinaika sipanala pansi. Sindinamukalipire, chifukwa mwana ukamukalipira pa zimene wakuuza momasuka, chimene amaphunzira n'chakuti asadzakuuzenso. Ndinangomufunsa kuti mnyamata wa chipsera uja anayamba ndi chiyani sabata yoyamba, zogwaditsa kapena zochapitsa. Anakhala chete nthawi yaitali akuzunguza tayala. Kenako anati, "Koma ndikapanda kutuma, anzanga adzati ndikudzionetsa."

Tinakambirana mpaka mdima: ndi anzake angati amene angagwirizane naye, ngati madamu aja akadali pasukulupo, ma prefect amasankhidwa bwanji ndipo ngati iye angaime nawo. Sanandilonjeze kanthu, ndipo sindinamukakamize kulonjeza. Ndamuuza kuti tsiku lokaona ana ndidzabwera ndi chakudya cha anthu awiri. Adzandiitanire mwana mmodzi wa Fomu 1 amene makolo ake sanabwere, tidzadye naye, ndipo mafunso anga ndidzafunsa mwanayo. Wavomera, ngakhale monyinyirika.